Munthu akalakwitsa pa makina, wolakwa weniweni amakhala ndani?

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili mkati, asilikali a ku America anali ndi vuto lowazunguza mutu. Ndege zawo zoponya mabomba za mtundu wa B-17 zinkapita kunkhondo n'kubwerako bwinobwino, koma n'kudzaphwasukira pabwalo lakwawo. Ndege yatera, ikuthamanga pansi, mwadzidzidzi matayala ankapindikira m'kati, iyo n'kukhula mimba pansi. Amakaniko akaunika sankapeza chimene chafa, ndiye m'malipoti ankangolemba kuti walakwitsa ndi woyendetsa.

Amene sanakhutire ndi yankho limeneli anali Alphonse Chapanis, katswiri wa kaganizidwe ka anthu yemwe ankagwira ntchito ku Wright Field m'chigawo cha Ohio. Atalowa mokhala oyendetsa anaona kuti chogwirira chopindira matayala ndi chogwirira choyendetsera zipsepse zakumapiko, zimene woyendetsa amayenera kubweza akatera, zinali zofanana ndendende, komanso zinali moyandikana. Munthu wotopa, amene watha maola ambiri m'mlengalenga akuomberedwa, maso ali kutsogolo, dzanja linkangogwira chimene lapeza. Chapanis anamata kathayala kalabala pa chogwirira cha matayala, chinacho n'kuchipatsa kaumbidwe konga phiko, kuti dzanja lizisiyanitsa lokha popanda maso. Ngozi za mtundu umenewo zinalekera pomwepo. Mpaka lero, m'ndege zonyamula anthu chogwirira cha matayala chimakhala ndi mutu wooneka ngati thayala, ndipo ndi lamulo.

Oyendetsa aja sanawabweze kusukulu, sanawakalipire kuti azisamala. Chimene chinasinthidwa ndi makina. Apa ndi pamene pagona maphunziro otchedwa human-computer interaction, mwachidule HCI, amene amafufuza zochitika munthu akakumana ndi kompyuta: amaona chiyani, amamva kuti chikutanthauza chiyani, amadina pati, ndipo amasokonekera pati. Kompyuta yake si ya pa desiki yokha ayi. ATM ndi kompyuta, mita ya magetsi yolowetsa mayunitsi ndi kompyuta, nayonso foni yamabatani ija mumadinapo *211# kapena *444# imakulumikizani ndi kompyuta imene wina anakonza mafunso ake ndi ndondomeko yake.

Makompyuta oyambirira analibe nazo ntchito za munthu. M'zaka za m'ma 1960 wofuna kuwagwiritsa ntchito ankaboola makadi, n'kuwapereka pawindo, n'kudzamva zotsatira patapita maola kapena mawa lake. Kenako kunabwera kulemba malamulo pa kiyibodi, malamulo oyenera kuwaloweza pamtima, oti ukaphonya chilembo chimodzi makina akukana. Pa 9 December 1968 ku San Francisco, Douglas Engelbart anaonetsa gulu la akatswiri mausi, imene yoyambirira yake inali kabokosi kathabwa. Ofufuza a kampani ya Xerox ku Palo Alto anapitiriza maganizowa pa kompyuta ya Alto mu 1973, ndipo Apple inawafikitsa kwa anthu wamba ndi Macintosh mu 1984. Kusintha kwakukulu pa zonsezi kunali kumodzi: m'malo mokumbukira lamulo, munthu anayamba kuona chinthu pa sikirini n'kuchiloza. Dzina la maphunzirowa linafala ndi buku la mu 1983 la Stuart Card, Thomas Moran ndi Allen Newell, The Psychology of Human-Computer Interaction.

Koma nkhani imene imaonetsa bwino kukula kwa vutoli inachitika pa malo opangira magetsi a nyukiliya a Three Mile Island ku Pennsylvania, m'bandakucha wa pa 28 March 1979. Valavu ina inatseguka monga mwa ntchito yake kuti ichepetse mphamvu ya nthunzi, koma inakakamira osatsekekanso, ndipo madzi oziziritsa anayamba kuthawira pamenepo. M'chipinda choyang'anira munali kanyali ka valavuyo, ndipo kanazima. Ogwira ntchito ankadziwa kuti kanyali kakazima ndiye kuti valavu yatseka. Chimene kanyaliko kankanena kwenikweni chinali china: kuti lamulo lotseka latumizidwa. Kaya valavu yamvera kaya ayi, iko kanalibe njira yodziwira.

Kuchokera pamenepo zonse zinayenda chammbuyo. Pokhulupirira kuti valavu ndi yotseka, ndipo poona geji ina ikusonyeza ngati madzi achuluka, iwo anachepetsa madzi oziziritsa a nthawi ya ngozi amene makina anali atayamba okha kupopera m'kati. M'mphindi zochepa zoyambirira ma alamu oposa 100 anali akulira, popanda chosiyanitsa yofunika ndi yosafunika, ndipo pulinta yolemba ma alamuwo inatsalira kutali kwambiri ndi zochitika. Panatha maola oposa awiri mpaka munthu wina amene anangofika kumene, mutu wake usanadzaze ndi maganizo a anzake, anakayikira valavu ija n'kuuza anzakewo kuti atseke ina yakumbuyo kwake. Apo n'kuti mtima wa makinawo utayamba kale kuonongeka, ndipo pomaliza mbali yake yaikulu inasungunuka.

Mmodzi mwa anthu amene anaitanidwa kukaunika chipindacho anali Don Norman, ndipo iye anatulukamo akunena kuti chinakonzedwa moti kulakwitsa kunali kosapeweka. Norman ndi amene pambuyo pake anafotokoza kuti pakati pa munthu ndi makina pali maphompho awiri. Loyamba: ndikudziwa chimene ndikufuna, koma ndichite bwanji? Lachiwiri: ndachita, nanga chachitika n'chiyani? Buku lake la mu 1988, limene tsopano limadziwika kuti The Design of Everyday Things, linatchuka ndi chitsanzo cha zitseko za phompho loyambalo. Chitseko chokhala ndi chogwirira chimauza dzanja kuti koka. Chikakhala chokankha, anthu onse azikoka kaye, ngakhale mutamatapo pepala la zilembo zikuluzikulu. Kwa Norman, chitseko chofuna malangizo chalephera kale.

Phompho lachiwiri ndi limene linameza anthu a ku Three Mile Island, ndipo timagweramo tonse. Mwatumiza ndalama pa foni, mwalowetsa nambala yachinsinsi, sikirini yangoti zii. Uthenga sukubwera. Zapita kapena sizinapite? Ambiri amatumizanso, kenako mauthenga awiri n'kufika limodzi. Ofufuza anayeza kalekale malire a kudikira kwa munthu: makina akayankha m'kati mwa gawo limodzi la magawo 10 a sekondi timamva ngati achita pompopompo, ikakwana sekondi imodzi timazindikira kuchedwa koma maganizo saduka, akapitirira masekondi 10 mtima umapita kwina. Netiweki ikhoza kuchedwa pa zifukwa zimene wokonza pulogalamu sangazithetse, koma kunena kuti "talandira, dikirani, musatumizenso" kuli m'manja mwake.

Mutu wa munthu nawo uli ndi malire ake, ndipo sasintha ndi kukalipira. Mu 1956 George Miller analemba kuti zinthu zimene tingasunge m'mutu kwa kanthawi ndi pafupifupi 7, ndipo ofufuza ena pambuyo pake anati mwinanso ndi 4 zokha. N'chifukwa chake manambala 20 a mayunitsi a magetsi amabwera m'magulu asanu a manambala anayianayi. Akanabwera mu mzere umodzi wosadukiza, bwenzi theka la dziko likulowetsa kawirikawiri. Zala nazo zili ndi lamulo lake, limene Paul Fitts analipeza mu 1954: chinthu chikakhala chaching'ono kapena chakutali, nthawi yochifikira imachuluka, ndipo wofulumira amaphonya. Batani logwiritsidwa ntchito nthawi zonse liyenera kukhala lalikulu ndi lapafupi. Lofufutira zinthu likhale kutali ndi losungira.

Popeza munthu adzalakwitsa ndithu, funso labwino ndi lakuti akalakwitsa zithera pati. Yankho lofooka ndi kumufunsa kuti "mukutsimikiza?" pa chilichonse, chifukwa pakapita masiku chala chimazolowera kuvomera maso asanawerenge. Makina ochizira khansa a Therac-25, amene anavulaza ndi kupha odwala ku America ndi ku Canada pakati pa 1985 ndi 1987, ankaonetsa mauthenga a vuto pafupipafupi moti owayendetsa anazolowera kungodina P n'kupitiriza. Ku Tyler m'chigawo cha Texas, makinawo atathira wodwala mphamvu yopyola muyeso, pa sikirini panangolembedwa kuti "Malfunction 54". Gwero la ngoziyo linali cholakwika m'pulogalamu, koma uthengawo sunapatse woyendetsa chifukwa chilichonse choimira. Yankho labwino ndi kuonetsa munthu chinthu chimene angachizindikire, n'kumupatsa mpata wobwerera. Nambala ya foni yolakwika pa dijiti imodzi maso sangaigwire, koma dzina lachilendo amaligwira msanga. Ku Kenya, kampani ya mafoni ya Safaricom inayambitsa mu 2015 njira yotchedwa Hakikisha, imene imaonetsa dzina la wolandira ndi kupereka masekondi angapo oti wotumiza aletse.

Zonsezi zikumveka ngati nzeru zodziwikiratu. Nanga bwanji zinthu zovuta kugwiritsa ntchito zili mbwee? Chifukwa wokonza chinthu ndi munthu yekhayo padziko lapansi amene sangathe kuchiona ngati mlendo. Amadziwa kumene chilichonse chabisala poti anachibisa ndi iyeyo. Ali ndi foni yatsopano, intaneti yothamanga, maso akuthwa, ndipo Chingerezi amachimva. Njira yotchedwa user-centered design, kutanthauza kukonza chinthu poyambira pa munthu wochigwiritsa ntchito, imene Norman ndi Stephen Draper anaitchukitsa ndi buku lawo la mu 1986, inabadwa pofuna kuthana ndi khungu limeneli. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, John Gould ndi Clayton Lewis anali atalemba mfundo zake zitatu kuchokera pa ntchito ya ku IBM: dziwani anthu ndi ntchito yawo musanayambe kumanga, yezani poona anthu enieni akugwiritsa ntchito, ndipo konzani n'kuyezanso mobwerezabwereza. Atafunsa okonza mapulogalamu, anapeza kuti ambiri ankati mfundozi n'zosachita kufunsa, koma ozitsatira anali ochepa.

Mfundo yachiwiriyo ndi imene anthu amaizembera, ndipo kawirikawiri amaisinthanitsa ndi kufunsa maganizo. Kufunsa munthu kuti "mwaiona bwanji pulogalamuyi?" n'kutaya nthawi, makamaka kwathu kuno kumene kunyoza ntchito ya mlendo pamaso pake ndi mwano. Ayankha kuti ili bwino kwambiri, ndipo akalephera anena kuti vuto ndi iwowo, sukulu sanapite nayo patali. Choyenera ndi kumupatsa ntchito yeniyeni, monga "gulani magetsi a K5,000", kumupempha kuti azilankhula zimene akuganiza, kenako n'kutseka pakamwa. Chovuta ndi chomalizachi. Munthu akamayendetsa chala pamwamba pa batani lolondola n'kulipitirira kachitatu, wokonza amayabwidwa kuti amulozere, koma akangolozera ndiye kuti waphimba chimene anabwerera. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Sizilira ndalama zambiri. Masikirini akhoza kujambulidwa pamapepala, munthu n'kumadina ndi chala papepalapo, wina n'kumasintha mapepala ngati ndiye kompyuta. Jakob Nielsen anawerengera kuti kuyesa ndi anthu 5 okha kumavumbula pafupifupi 85 pa 100 alionse a mavuto, ndipo analangiza kuti kuyesa katatu ndi anthu asanuasanu, mukukonza pakati, kumaposa kuyesa kamodzi ndi anthu 15. Chiwerengerochi akatswiri ena amachitsutsa, ndipo chimagwira pokhapokha ngati asanuwo akufanana ndi amene adzagwiritse ntchito chinthucho. Anzanu asanu a mu ofesi sakuuzani kanthu za mlimi wa ku Nsanje.

Mtima wabwino pawokha sukwanira. Pa chisankho cha pulezidenti wa America mu 2000, akuluakulu a zisankho ku Palm Beach County m'chigawo cha Florida anakulitsa zilembo za pa pepala lovotera kuti athandize okalamba. Mayina anasefukira pa masamba awiri oyang'anizana, mabowo obayapo ali mu mzere umodzi pakati. Al Gore, amene ankalimbirana mpandowo ndi George W. Bush, anali wachiwiri pa tsamba lakumanzere, koma bowo lake linali lachitatu. Lachiwiri linali la Pat Buchanan, amene anapeza mavoti oposa 3,400 m'dera limene analibe omutsatira ochuluka chotero, ndipo mwiniwake anavomereza kuti ambiri mwa mavotiwo sanali ake. George W. Bush anapambana Florida ndi mavoti 537, ndipo Florida ndiyo inagamula chisankho chonse.

Nthawi zina kuonerera anthu kumasintha chinthu chenichenicho, osati mabatani okha. M-Pesa itayamba kuyesedwa mu 2005 ku Thika, inali njira yoti makasitomala a bungwe la ngongole zing'onozing'ono la Faulu Kenya azibwezera ngongole pa foni. Oyendetsa ntchitoyo, Nick Hughes ndi Susie Lonie, ataunika kayendedwe ka ndalama anapeza anthu akuchita zimene palibe anawauza: kubwezera ngongole za anzawo, kulipirana pa malonda, kuika ndalama mu foni asananyamuke ulendo n'kukazitulutsa akafika. Akanatha kuwadzudzula kuti akusokoneza. M'malo mwake anatsatira kumene anthu ankalowera, ndipo mu March 2007 M-Pesa inakhazikitsidwa ngati njira yotumizira ndalama kumudzi.

Pali anthu amene mabuku akale a HCI sankawaganizira n'komwe. Indrani Medhi wa ku Microsoft Research ku Bangalore, m'dziko la India, anatha zaka akugwira ntchito ndi anthu osadziwa kuwerenga, ndipo anapeza kuti vuto si zilembo zokha. Menyu yokhala ndi nthambi, yoti ulowe mu 4, m'menemo usankhe 2, m'menemonso 1, imawavuta ngakhale mawu atawerengedwa mokweza. Anapezanso kuti zithunzi zojambula pamanja zosonyeza munthu akuchita chinthu zimamveka kuposa tizizindikiro tachidule. N'zomveka. Kachizindikiro kosungira fayilo ndi chithunzi cha disiki imene achinyamata a lero sanaionepo, ndipo foda yachikasu ija imatanthauza kanthu kwa yekhayo amene analowapo mu ofesi.

Imani pa kanyumba ka ejenti tsiku la msika muone. Gogo amasula foni pa nsonga ya chitenje, apereka kwa ejenti, aweramira pawindo n'kunong'ona nambala yachinsinsi, anthu asanu ali kumbuyo kwawo. Malangizo onse amati nambalayo usauze munthu. Koma menyu ndi yautali, nthawi imatha asanamalize kuwerenga, akaphonya nambalayo kangapo akaunti itsekedwa, ndiye gogo asankha chimene chili ndi chiopsezo chochepa kwa iwo. Wokonza amene amajambula m'mutu mwake munthu mmodzi ndi foni yakeyake waphonya chithunzi chenicheni, chifukwa pano foni imodzi imagwira banja lonse, ndipo ejenti kapena mdzukulu ndi mbali ya makinawo. N'chimodzimodzi ndi mafomu a pa intaneti okakamira dzina la msewu ndi nambala ya nyumba kwa munthu amene kwawo ndi kuseri kwa chigayo, kapena tsiku lenileni lobadwa kwa munthu amene amangodziwa kuti anabadwa chaka cha njala.

Chitsanzo chabwino cha kukonza moganizira malo chili konkuno. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Gerry Douglas ndi anzake a Baobab Health anayamba kuika makompyuta olembera odwala pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chimene lero ndi Kamuzu Central. Nthawi imeneyo anamwino ndi makalaliki ambiri anali asanagwirepo mausi, mizere ya odwala inali yaitali, fumbi ndi kuzimazima kwa magetsi zinali za tsiku ndi tsiku. Njira yachizolowezi ikanakhala kugula makompyuta a mu ofesi n'kutumiza anthu ku maphunziro. Iwo anachotseratu kiyibodi ndi mausi, n'kuika masikirini odina ndi chala, zaka zingapo mafoni otere asanafale. Sikirini iliyonse inkafunsa funso limodzi lokha, mabatani akuluakulu, ukayankha ipite ku lotsatira. Makinawo ankadya magetsi ochepa ndipo ankayendera mabatire. Wodwala akalembetsa, pulinta inkatulutsa stika ya barcode yomata pa kabuku kake ka kuchipatala, moti akabweranso sipafunika kulemba dzina: kungowalitsa pa stikayo, mbiri yake yatuluka.

Mfundo ya stikayi ndi imene ine ndimaiona yanzeru koposa. Sanalimbane ndi kabuku kamene odwala anazolowera kuyenda nako, anakasandutsa kiyi. Ndiponso zolemba zinkalowa pomwepo wodwala ali pamaso pa namwino, osati madzulo kalaliki akukopera mulu wa mapepala, choncho kompyuta inkatha kubweza kanthu kwa wolembayo, monga kumuwerengera ngati sikelo ya wodwala ikugwirizana ndi msinkhu wake. Wogwira ntchito amene makina amamuthandiza pompo amalemba mosamala kuposa amene akungodyetsa malipoti a kulikulu. Mu 2006 njira yomweyi inayamba kugwiritsidwa ntchito pa chithandizo cha ma ARV ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kenako inafalikira m'zipatala zina zambiri.

Tisanamizane kuti aliyense wodziwa nzeruzi amazigwiritsa ntchito pothandiza. Amene amadziwa kuti chala chimathamangira batani lalikulu akhoza kukulitsa batani limene likumupindulira iyeyo. Mu 2010 Harry Brignull wa ku Britain anayamba kusonkhanitsa misampha yotereyi n'kuitcha dark patterns: kabokosi kochongeratu, kulembetsa kwa kudina kamodzi koma kusiya kofuna masikirini asanu ndi limodzi, batani lokanira lotuwa lobisika pakona. Apa palibe cholakwika mwangozi, zimayesedwa pa anthu enieni monga mmene Gould ndi Lewis analangizira, kungoti chimene akuyeza ndi kuchuluka kwa ogwa mu msampha.

Maboma ayamba kulowererapo. Mu December 2022 bungwe loteteza ogula la ku America, Federal Trade Commission, linalengeza kuti kampani ya Epic Games ibweze madola 245 miliyoni kwa osewera Fortnite, mwa zina chifukwa mabatani ake ankachititsa anthu kugula zinthu mosafuna pongodina kamodzi. Kumayambiriro kwa chaka chomwecho, bungwe la CNIL la ku France linalengeza chindapusa cha mayuro 150 miliyoni kwa Google ndi 60 miliyoni kwa Facebook pa nkhani ya ma cookie, timafayilo timene mawebusaiti amasiya mu foni kapena kompyuta yanu kuti azikutsatirani. Mlandu wake unali wa kuwerenga kudina: kuvomera kunali kamodzi, kukana kunali kangapo. Patangopita miyezi yochepa, Google inaika kwa anthu a ku Ulaya batani lokanira zonse pambali penipeni pa lovomera, lofanana nalo kukula.